Chilembo A m'Chisipanishi: Mawu Amene Mwana wa ku Madrasa Amawadziwa Kale



Ophunzira ambiri akafika Folomu 3 amayamba kujomba ku madrasa. Amati Chiarabu n'cha pa Swala basi, sichiwapatsa malikisi pa mayeso a MSCE. Makolo ena amangowasiya, poona kuti masamu, sayansi ndi Chingerezi zawapanikiza kale. M'phunziro la ulendo uno tiyesa maganizo amenewa pa chilankhulo chimene sichiphunzitsidwa pasukulu pano, Chisipanishi. Titsegula dikishonale yake pa chilembo choyamba, A, kuti tione kuchuluka kwa mawu amene mwana wodziwa tajwid angawazindikire asanakumane ndi mphunzitsi aliyense wa chilankhulocho.

Chisipanishi ndi mbiri yake

Anthu pafupifupi 500 miliyoni amayankhula Chisipanishi ngati chilankhulo chobadwa nacho. Ambiri mwa iwo ali ku Mexico, Colombia, Argentina, Spain ndi Peru, ndipo kuno ku Africa ndi chilankhulo cha boma ku Equatorial Guinea. Chili m'gulu la zilankhulo 6 za bungwe la United Nations, limodzi ndi Chiarabu. Kholo lake ndi Chilatini, ndipo chili pachibale ndi Chipwitikizi, Chifalansa ndi Chitaliyana.

Chiarabu chinalowamo bwanji? M'chaka cha 711 Tariq ibn Ziyad anawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Africa. Thanthwe limene anafikira linatchedwa Jabal Tariq, phiri la Tariq, ndipo dzinali ndi limene lero lili Gibraltar. Asilamu anatcha dzikolo al-Andalus. Mu 756 Abd al-Rahman Woyamba anakhazikitsa ulamuliro wake ku Córdoba, ndipo mu 929 Abd al-Rahman Wachitatu analengeza kuti ndi khalifa. Ulamuliro wa Asilamu unkachepa pang'onopang'ono: Toledo anagwa mu 1085, Córdoba mu 1236, ndipo Granada, mzinda womaliza, unaperekedwa pa 2 January 1492. Mu 1567 Mfumu Philip Wachiwiri analetsa kuyankhula ndi kulemba Chiarabu ku Granada. Pakati pa 1609 ndi 1614 zidzukulu za Asilamuwo, anthu pafupifupi 300,000 otchedwa Moriscos, anathamangitsidwa m'dzikolo.

Anthuwo anachoka, koma mawu amene ankagwiritsa ntchito kumsika, kumunda, kukhitchini ndi kubwalo la milandu anatsala m'kamwa mwa anansi awo. Akatswiri a chilankhulochi amawerenga mawu pafupifupi 4,000 ochokera ku Chiarabu, kuphatikizapo mayina a malo. Ambiri mwa iwo amayamba ndi A, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kale.

Lam yomveka ndi lam yobisika

M'Chiarabu, kamawu ka *al-* kamaikidwa koyambirira kwa dzina posonyeza chinthu chodziwika: *kitab* ndi buku lililonse, *al-kitab* ndi buku lija. Anthu a ku Spain ankamva dzina ndi kamawuka zikutchulidwa pamodzi, ndipo anazitenga ngati liwu limodzi. Ogulitsa akanati *al-qutn*, iwo ankasunga *algodón*. Chiswahili chinachita zomwezo pa mawu akuti *alfajiri*, *alasiri* ndi *Alhamisi*.

Kumbukirani tsopano phunziro la tajwid. Zilembo 28 za Chiarabu zimagawidwa pawiri: 14 za mwezi, *huruf qamariyya*, ndi 14 za dzuwa, *huruf shamsiyya*. Dzina likayamba ndi chilembo cha mwezi, lam imamveka, monga *al-qamar*. Likayamba ndi chilembo cha dzuwa, lam imalembedwa koma siimveka, ndipo chilembo chotsatira chimalandira shadda, monga *ash-shams*. Anthu a ku Spain anatenga mawuwa ndi khutu, osawaona olembedwa. Choncho lamulo la tajwid limeneli linalowa m'dikishonale yawo monga lilili. Mawu a zilembo za mwezi amayamba ndi *al-*, ndipo a zilembo za dzuwa amayamba ndi *a-* yekha. M'Chiswahilinso onani kusiyana kwa *alasiri* ndi *adhuhuri*.

Gulu loyamba: zilembo za mwezi

Liwu loyamba ndi la Chisipanishi, lachiwiri ndi la Chiarabu kumene linachokera, kenako tanthauzo lake la lero.

- *algodón*, kuchokera ku *al-qutn*: thonje
- *almohada*, kuchokera ku *al-mikhadda*: pilo, mtsamiro. Muzu wake ndi *khadd*, tsaya, chifukwa ndi pamene timagoneka tsaya
- *albañil*, kuchokera ku *al-banna'*: mmisiri womanga nyumba
- *almacén*, kuchokera ku *al-makhzan*: nyumba yosungiramo katundu
- *alquiler*, kuchokera ku *al-kira'*: lendi
- *aljibe*, kuchokera ku *al-jubb*: chitsime chosungiramo madzi a mvula. *Jubb* ndi liwu limene Surah Yusuf imagwiritsa ntchito ponena za chitsime chimene Yusuf, mtendere ukhale pa iye, anaponyedwamo
- *alacrán*, kuchokera ku *al-'aqrab*: chinkhanira
- *alcázar*, kuchokera ku *al-qasr*: nyumba yachifumu yokhala ndi linga
- *alminar*, kuchokera ku *al-manar*: nsanja ya mzikiti
- *almuédano*, kuchokera ku *al-mu'adhdhin*: woitanira Swala
- *álgebra*, kuchokera ku *al-jabr*: masamu a zilembo aja mumalimbana nawo m'kalasi

Liwu lomalizali lili ndi mbiri yake. Cha m'ma 820, ku Baghdad, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku la masamu limene m'dzina lake munali *al-jabr*, kutanthauza kulumikiza chothyoka. Bukuli linamasuliridwa m'Chilatini ku Spain mu 1145. M'Chisipanishi chakale, sing'anga wolumikiza mafupa othyoka ankatchedwa *algebrista*. Dzina la wolembayo ndi limene linabala *algoritmo*, ndondomeko ya masitepe imene kompyuta imatsata.

Gulu lachiwiri: zilembo za dzuwa

- *azúcar*, kuchokera ku *as-sukkar*: shuga
- *arroz*, kuchokera ku *ar-ruzz*: mpunga
- *aceite*, kuchokera ku *az-zayt*: mafuta ophikira
- *aceituna*, kuchokera ku *az-zaytuna*: chipatso cha azitona
- *atún*, kuchokera ku *at-tunn*: nsomba yaikulu ya m'nyanja ya mchere, ija imagulitsidwa m'zitini
- *acequia*, kuchokera ku *as-saqiya*: ngalande yothirira munda
- *adobe*, kuchokera ku *at-tub*: zidina, njerwa zosawotcha
- *aduana*, kuchokera ku *ad-diwan*: ofesi ya kasitomu
- *ataúd*, kuchokera ku *at-tabut*: bokosi la maliro
- *añil*, kuchokera ku *an-nil*: utoto wabuluu wonyikira nsalu
- *ajedrez*, kuchokera ku *ash-shatranj*: masewera a chesi
- *arroba*, kuchokera ku *ar-rub'*: gawo limodzi mwa magawo anayi

*Arroba* unali muyeso wa kulemera, pafupifupi makilogalamu 11.5 m'chigawo cha Castile, ndipo amalonda ankaulemba mwachidule ndi chizindikiro cha @. Mpaka lero, munthu woyankhula Chisipanishi akamatchula adiresi yake ya imelo, akafika pa @ amati *arroba*.

Taonani kuti shadda inasiya mapazi ake. Mu *arroz* ndi *arroba* muli *r* awiri monga mu *ar-ruzz* ndi *ar-rub'*. Mu *añil* ndi *albañil* muli chilembo *ñ*, chimene chinabadwa pamene alembi akale ankafupikitsa *nn*. Nun ya shadda ya mu *an-nil* ndi *banna'* inathera pamenepo.

Mawu ngati amenewa ali pafupi nafe kuposa mmene tingaganizire. Chipwitikizi chinawalandira m'nyengo yomweyo, ndipo amene amawoloka malire pa Chiponde, Dedza kapena Muloza amaona *arroz*, *açúcar* ndi *azeite* zitalembedwa pa mapaketi a m'mashopu a ku Mozambique. Liwu lathu lakuti *azitona* linabwera kuchokera ku Chipwitikizi *azeitona*, ndipo ndi *az-zaytuna* yemweyo, lam yake yobisika ikadali yobisika. Nalonso liwu lakuti *mzikiti* ndi *mezquita* ya Chisipanishi ndi ana a *masjid*, amene anadzera njira zosiyana.

Nkhani ya Dad

Wophunzira wochenjera afunsa za *aldea*, mudzi. Linachokera ku *ad-day'a*, ndipo Dad ndi chilembo cha dzuwa. Nanga *l* akufuna chiyani mmenemo? Yang'anani *alcalde*, kuchokera ku *al-qadi*. Pamalo a Dad ya mu *qadi* pali *ld*. Mabuku a tajwid amatiphunzitsa kuti Dad imatuluka m'mbali mwa lilime pamene likhudza mano a zibwano a m'mwamba, pafupi ndi potulukira Lam. Akatswiri ambiri a zilankhulo amafotokoza kuti anthu a ku Spain ankamva kamvekedwe ka m'mbali kameneka ngati *l* wosakanikirana ndi *d*, n'kukalemba choncho. Ndiye kuti ustadh akamakubwezani kakhumi kuti Dad yanu ikumveka ngati Dal, akusunga katchulidwe kamene dikishonale ya Chisipanishi ikukachitira umboni.

Chenjezo loyamba: chiyambi si tanthauzo

Kudziwa kumene liwu linachokera kumathandiza kuliloweza, koma tanthauzo la lero liyenera kufufuzidwa palokha. *Alcalde* saweruza milandu ngati qadi; ndi meya wa mzinda. *Alguacil* anachokera ku *al-wazir*, nduna ya mfumu, koma lero ndi mesenjala wa khoti. *Alcoba* anachokera ku *al-qubba*, denga lozungulira ngati la mzikiti, koma lero ndi chipinda chogona. *Tabut* m'Qur'an ndi bokosi limene mayi a Musa, mtendere ukhale pa iye, anaikamo khanda lawo, pamene *ataúd* ndi bokosi la maliro lokha. Chitsanzo chachikulu ndi *alcohol*. Linachokera ku *al-kuhl*, wanja wopaka m'maso. Akatswiri a mankhwala a ku Ulaya anayamba kutchula ufa uliwonse wosalala kwambiri ndi dzinali, kenako chilichonse chotchezedwa, mpaka linafika pa choledzeretsa cha mu mowa. Amene angamasulire *alcohol* kuti wanja pa botolo la m'shopu adzipweteka yekha.

Chenjezo lachiwiri: si al- aliyense ali wa Chiarabu

Mawu otsatirawa ndi ochokera ku Chilatini, ndipo ndi amene mudzawagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku:

- *alma*: mzimu, moyo wa munthu
- *alto*: wamtali
- *alegre*: wosangalala
- *algo*: kanthu
- *alumno*, *alumna*: wophunzira wamwamuna, wamkazi
- *agua*: madzi
- *amigo*, *amiga*: mnzako wamwamuna, wamkazi
- *abuelo*, *abuela*: agogo aamuna, agogo aakazi
- *año*: chaka
- *árbol*: mtengo
- *ayer*: dzulo
- *ahora*: tsopano
- *aquí*: pano
- *abrir*: kutsegula
- *aprender*: kuphunzira
- *ayudar*: kuthandiza

Muona kuti aneni atatu omalizawo ndi a Chilatini. Chiarabu chinapereka makamaka mayina a zinthu: mbewu, zida, nyumba, miyeso ndi maudindo. Aneni ndi kamangidwe ka ziganizo zinakhalabe za Chilatini.

Tisadzitamenso mopitirira. Mawu ambiri a m'magulu athu awiri aja Aarabu nawonso anachita kubwereka. *Sukkar* ndi *shatranj* anachokera ku India kudzera m'Chiperisiya. *Qasr* anachokera ku Chilatini *castrum*, msasa wa asilikali, kotero kuti *alcázar* ndi liwu la Chilatini limene linapita kwa Aarabu n'kubwerera kwawo litavala *al-*. Asilamu a nthawi imeneyo ankaphunzira kwa Agiriki, Aperisiya ndi Amwenye, n'kuwonjezera zawo, n'kupatsira ena. Khalidwe limeneli ndi limene tikufuna kwa ophunzira athu.

M'ndime yapitayi ya lam tanena za ogulitsa thonje m'misika ya al-Andalus. Ku Italy mawu omwewo anafika kudzera ku Sicily ndi m'malonda a panyanja opanda *al-*. N'chifukwa chake Chitaliyana chili ndi *cotone*, *zucchero* ndi *dogana* pamene Chisipanishi chili ndi *algodón*, *azúcar* ndi *aduana*.

Katchulidwe

Pano tili ndi mwayi kuposa Angerezi. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu, *a, e, i, o, u*, ndipo amamveka ngati a m'Chichewa. Zofunika kusamala ndi izi:

1. *h* satchulidwa. *Almohada* amamveka *almoada*, *ahora* amamveka *aora*.
2. *j* amamveka ngati Kha ya Chiarabu. *Aljibe* amamveka *alkhibe*.
3. *ñ* ndi *ny* wathu. *Año* amamveka *anyo*.
4. *z*, komanso *c* wotsatidwa ndi *e* kapena *i*, amamveka ngati Tha ya Chiarabu m'madera ambiri a ku Spain, koma ngati *s* ku Latin America. Zonse ziwiri n'zovomerezeka.
5. *qu* amamveka *k*. *Aquí* amamveka *aki*.
6. Kachizindikiro ka pamwamba pa lembo kamasonyeza phatikizo loti mulitchule mwamphamvu: al-go-DÓN, a-ZÚ-car, ÁR-bol. Liwu lopanda kachizindikiroka, ngati likuthera ndi lembo la liwu, *n* kapena *s*, mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga m'Chichewa: a-MI-go. Ngati likuthera ndi lembo lina, imagwera pa lomaliza: a-RROZ, a-yu-DAR.

Vuto lathu lalikulu ndi *l* ndi *r*. M'Chichewa munthu akati *bwela* kapena *bwera* timamumva chimodzimodzi. M'Chisipanishi *alma* ndi mzimu, *arma* ndi chida cha nkhondo. *r* mmodzi ndi *rr* nazonso n'zosiyana: *ahora* ndi tsopano, *ahorra* ndi kulamula munthu kuti asunge ndalama. Mwana wa madrasa anaphunzira kale kusiyanitsa Lam ndi Ra, ndi Ra ya shadda. Agwiritse ntchito lilime lomwelo.

El ndi la

Dzina lililonse la Chisipanishi ndi lachimuna kapena lachikazi, monga *mudhakkar* ndi *mu'annath* m'Chiarabu. Lachimuna limatenga *el*, lachikazi *la*: *el arroz*, *el albañil*, *la aldea*, *la almohada*. Popeza *al-* uja anasanduka chiwalo cha liwu, amawonjezeranso *el* kapena *la* wawo pamwamba pake. *La Alhambra*, nyumba yachifumu ya ku Granada, ndi *al-Hamra'*, yofiira, yokhala ndi timawu tiwiri tolozera.

Pali lamulo limodzi lokhudza chilembo A chokha. Dzina lachikazi likayamba ndi *a* wotchulidwa mwamphamvu, limatenga *el* pa umodzi: *el agua*, *el alma*, *el álgebra*. Limakhalabe lachikazi, n'chifukwa chake timati *el agua fría*, madzi ozizira, ndipo pa unyinji timati *las aguas*. *Aldea* ndi *almohada* sakhudzidwa, chifukwa mphamvu yawo siili pa *a* woyamba.

Werengani ziganizo izi mokweza:

- *El albañil vive en la aldea.* Mmisiri amakhala kumudzi.
- *La almohada es de algodón.* Piloyo ndi wa thonje.
- *Mi abuela compra arroz y aceite.* Agogo anga aakazi akugula mpunga ndi mafuta.
- *El alumno aprende álgebra.* Wophunzira akuphunzira aljebula.

Ntchito

Nawa mawu asanu ndi limodzi a Chiarabu. Musanayang'ane mayankho, nenani ngati chilembo choyamba ndi cha mwezi kapena cha dzuwa, ndipo lotani ngati liwu la Chisipanishi liyambe ndi *al-* kapena *a-*.

1. *birka*, dziwe
2. *sawt*, chikwapu
3. *faris*, wokwera hatchi
4. *za'faran*, zokometsera chakudya zachikasu
5. *qatiran*, phula lakuda
6. *zahr*, maluwa

Mayankho: 1. *alberca*, dziwe losungira madzi, ndipo ku Mexico ndi dziwe losambiramo. 2. *azote*, chikwapu. 3. *alférez*, udindo wa ofesala wamng'ono wa asilikali. 4. *azafrán*. 5. *alquitrán*. 6. *azahar*, maluwa a mtengo wa malalanje.

Amene wakhoza zisanu kapena zonse wakhoza chifukwa cha zimene anaphunzira atakhala pa mkeka ku madrasa.

Kwa makolo ndi komiti

Sitikunena kuti mwana asiye kukonzekera MSCE n'kuyamba Chisipanishi, ndipo sitikunena kuti wodziwa mawu 50 wadziwa chilankhulo. Aneni a Chisipanishi ali ndi malamulo ambiri amene Chiarabu sichingakuthandizeni. Chimene taona n'chakuti mwana wa madrasa amatuluka ndi khutu losiyanitsa mamvekedwe, chizolowezi chofufuza muzu wa liwu, komanso luso loloweza. Zinthu zitatuzi zimagwira ntchito pa Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi mayina a mu sayansi. Mwana akasiya madrasa mu Folomu 3 amazisiya zitangotsala pang'ono kumubweretsera phindu.

Kuphunzira zilankhulo za ena ndi mwambo wakale m'Chisilamu. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analamula Zayd ibn Thabit, akadali mnyamata, kuti aphunzire malembedwe a Ayuda a ku Madina kuti azimuwerengera ndi kumulembera makalata. Ndipo Surah ar-Rum imawerengera kusiyana kwa zilankhulo zathu m'gulu la zizindikiro za Allah.

Makolo, mungathandize popanda kudziwa Chisipanishi. Lozani thumba la mpunga, botolo la mafuta kapena pilo, mwana atchule dzina lake m'Chichewa, m'Chiarabu ndi m'Chisipanishi. Mawu asanu pa tsiku ndi okwana. Amene ali ndi foni ya intaneti angatsegule dikishonale ya bungwe la Real Academia Española, limene linakhazikitsidwa mu 1713. Ndi yaulere, ndipo imasonyeza chiyambi cha mawu. Mukaona palembedwa *Del ár. hisp.*, dziwani kuti liwulo linachokera ku Chiarabu cha ku al-Andalus. Akuluakulu a komiti tikuwapempha kuti pokonza nthawi ya madrasa aziganizira ophunzira a Folomu 3 ndi 4, kuti mwana asakakamizike kusankha pakati pa ustadh ndi maphunziro a masana.

Ophunzira, lembani mawu a magulu awiri aja m'kope, liwu lililonse ndi Chiarabu chake m'zilembo zake, ndipo mubwere nalo ku phunziro lathu la Chisilamu sabata yamawa. Oyankhula Chisipanishi akamalakalaka chinthu amati *ojalá*, liwu lochokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kuti Allah akafuna. *Ojalá* tidzapeze makope onse atadzaza.